Miyezi 14 ndikusunga kaundula wa bungwe la maliro mu PostgreSQL ndi R

Nditangosamutsa mabuku a bungwe lathu la maliro kuchoka mu spreadsheet kupita mu PostgreSQL, ndinkauza aliyense kuti mavuto a chiwerengero atha. Apo n'kuti nditagwiritsa ntchito milungu itatu yokha. Tsopano papita miyezi 14, ndipo ena mwa mawu amenewo ndinawameza ndekha.

Bungwe lathu ndi la Amalawi okhala kuno ku Johannesburg, ambiri a ku Rosettenville ndi Turffontein, ena a ku Mayfair. Timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya thupi lipite kumudzi, asaikidwe kuchilendo. Ine ndine mlembi. PostgreSQL ndiyo nkhokwe yosungiramo mayina ndi zopereka, R ndimawerengetsera ndi kujambulira ma graph. Zonse ziwiri n'zaulere ndipo zikuyenda pa laputopu yakale. Dzina la R lokhalo linandivutitsa. Nditanena pamsonkhano kuti "ndawerengera mu R", awapampando anandiyang'ana n'kuti, "Nanga ukanawerengera mu chiyani mphwanga, mu kwacha?" Kuno R ndi rand. Kufotokoza kuti ndi pulogalamu imene anayambitsa Ross Ihaka ndi Robert Gentleman ku University of Auckland sikunathandize, mpaka lero amaitchula "rand yako ija".

PostgreSQL sindiidandaula. Ndalama ndinaziika mu mtundu wa numeric(12,2), umene umasunga nambala ndendende mmene mwailembera, masenti ndi onse. Ndinaikanso lamulo lakuti chopereka chisakhale chochepera ziro komanso kuti risiti imodzi isalowe kawiri. Imakana basi, sinyengerera munthu. Kawiri konse laputopu inazima ndili pakati polowetsa zopereka, magetsi atathima batire litatheratu, koma poyatsa ndinapeza zonse zili m'malo. Zimene ndinali ndisanamalize sizinalowe, ndipo palibe chimene chinalowa theka.

Pamene ndinagwa ndi pa mlatho wa pakati pa ziwirizi.

Linali Lamlungu masana, mu galaja ina ku Turffontein, tili pamipando ya pulasitiki. Ndinagawa mapepala awiri, lina lochokera mu database, lina la lipoti la R. Amayi msungichuma, amene ali ndi buku lawo lachikuto cholimba lomanga ndi labala, anatsitsa magalasi pamphuno n'kuyamba kutsata ndi chala mzere ndi mzere. Atafika pa chindapusa cha ochedwa kupereka anaima. Mapepalawo ankasiyana ndi masenti 23. "Mwana wanga," anatero, "mapepala onse awiri ndi ako, koma akukangana okha. Ife tikhulupirire liti?" Thukuta linatuluka ngakhale kunali kozizira kwa mu July.

Masenti 23 kuno sagula kanthu. Ngakhale kandalama ka 5c anasiya kukapanga mu 2012. Koma izi ndi ndalama za maliro, ndipo senti ikasowa anthu amayamba kufunsa za marandi.

Ndinafufuza mpaka pakati pa usiku. Chindapusa chathu ndi 2.5 peresenti ya R85, zimene zimapereka 2.125. PostgreSQL ikamadula nambala ya numeric yothera pa theka imakweza monga tinaphunzirira kupulayimale, choncho inalemba 2.13. R imakankhira theka ku nambala yogawika ndi 2, choncho round(2.125, 2) inapereka 2.12. Ochedwa anali 23, senti imodzi aliyense. Yesani nokha: round(2.5) mu R ndi 2, mu PostgreSQL ndi 3. Palibe yolakwa, iliyonse ikutsata lamulo lake lolembedwa, ine ndiye sindinawerenge. Ndipo PostgreSQL yomweyo, mukaipatsa nambala ya double precision, mtundu wina wa nambala za kadontho, m'malo mwa numeric, pa makompyuta ambiri nayo imatsata njira ya R ija.

Pansi pa nkhaniyi pali ina yaikulu. R ilibe mtundu wake wa ndalama. Nambala ya kadontho imaisunga ngati double, m'mabiti 64, ndipo 0.1 mu binary siikwanira ndendende, monga mmene 1 kugawa ndi 3 sathera pa pepala. Mukalemba 0.1 + 0.2 == 0.3, R imayankha FALSE. Mukaiuza kuti ionetse manambala 17, mumaona 0.30000000000000004. Package ya RPostgres, imene ndimakokera data kuchoka mu PostgreSQL kulowa mu R, imasandutsa numeric kukhala double ikangowoloka. Ndiye kusamala konse kumene ndinachita ku nkhokwe kunkathera pa mlatho. Kuyambira tsikulo ndalama iliyonse yoti munthu alipire kapena alandire imawerengedwa mu SQL, chilankhulo cholamulira PostgreSQL. R imalandira zomaliza kale, ntchito yake ndi kuonetsa kumene zinthu zikulowera.

Zina zinali zopusa zanga. Mwezi wina lipoti linati amene apereka ndi 0 peresenti. Ndinali nditagawa 180 ndi 240, zonse zili ma integer, manambala athunthu opanda kadontho, ndipo PostgreSQL ikagawa ma integer imataya zotsala. Kulemba 180.0 kunabweretsa 0.75. Mu R vutoli kulibe, 7/2 ndi 3.5 basi.

Yoopsa inali ya mipata yopanda kanthu, chifukwa siinkaoneka ngati vuto. Amene sanapereke mwezi umenewo ndinkangosiya malo awo osalemba, ndiye mu database ankakhala NULL. Lamulo la avg(), lowerengera avereji mu PostgreSQL, limadumpha NULL mwakachetechete. Avereji ya zopereka inkaoneka yokongola chifukwa inkawerenga okhawo amene apereka. Ndinadzidzimuka pamene R inakana: mean(), yowerengera avereji mu R, inangoti NA, kutanthauza kuti pali mipata, ndiuzeni chochita. Poyamba ndinkaipidwa nazo ndipo ndinkathamangira kulemba na.rm = TRUE kuti idumphe mipatayo, ikhale chete. Tsopano ndikaona NA ndimayamba ndafunsa ngati munthuyo sanapereke, kapena ndife amene sitinalembe. Woyambayo ndi ziro. Wachiwiriyo ndi foni yoti ndiimbire amayi msungichuma.

Manambala ena si owerengera, ngakhale amaoneka choncho. Tili ndi mamembala a kuno amene anakwatirana ndi abale athu, ndipo ID ya ku South Africa ili ndi manambala 13, oyamba ndi chaka chobadwa. Integer imathera pa 2,147,483,647, choncho PostgreSQL inakana nthawi yomweyo. Ndinathamangira ku bigint, integer yonyamula manambala aakulu, zinalowa, koma obadwa kuyambira 2000 mpaka 2009 ziro wawo woyamba anasowa. Manambala a foni nawonso chimodzimodzi. Mu R ID inkaoneka yofupikitsidwa, ndi e+12 kumapeto. Mankhwala ake ndi osavuta: chimene simudzachiphatikiza ndi china chisungeni ngati text.

Malire a integer aja anadzandipezanso pa kwacha. Ndinayesapo kusunga ndalama zotumiza kumudzi mu matambala kuti ndithawe kadontho. Koma 2,147,483,647 ya matambala ndi K21.4 miliyoni yokha, ndipo bokosi, galimoto ndi chipepeso za maliro angapo zimapitirira pamenepo mosavuta. PostgreSQL pophatikiza ma integer ndi sum() imadzikulitsira yokha ku bigint, pomwe R pophatikiza ndi + inangopereka NA ndi chenjezo. Ndinabwerera ku numeric. Pa kwacha pomwepa ndinaphunziranso kusunga reti pamodzi ndi tsiku lake. Mabuku akale ndinawasintha onse ndi reti imodzi, kuiwala kuti mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti. Maliro awiri a chaka chimenecho, ena a kumayambiriro ena a kumapeto, ankaoneka ngati tinakondera banja limodzi. Mwamwayi ndinaziona ndekha zisanafike ku galaja.

Kenako pali comma. Kuno ambiri amalemba 1 250,50 pamene ife kwathu timalemba 1,250.50. Fayilo ya CSV ikabwera motero, R imaiona ngati mawu, ndipo as.numeric("1250,50") imapereka NA. Pali read.csv2 yopangidwira zimenezi, koma mpata wa pakati pa 1 ndi 250 ndimauchotsa ndekha. Izi zimandidyera mphindi khumi mwezi uliwonse ndipo ndazolowera.

Ndiye R ndaisungiranji? Chifukwa imaona zimene buku silingaone. Graph imodzi ya ggplot2, package ya R yojambulira, inaonetsa kuti zopereka zathu zimagwa mu January, anthu atabwerako kumudzi matumba ali pululu, n'kudzadzuka mu March. Aliyense ankazidziwa m'mutu, koma ataona mzerewo utagwa pa pepala anagwirizana kuti chindapusa cha January tizichikhululuka. Inatithandizanso kusiya avereji n'kumayang'ana median ya ndalama zonyamulira thupi, kutanthauza nambala ya pakati mukazindandalika zonse, chifukwa maliro amodzi amene tinatumiza pa ndege ankakoka avereji yonse m'mwamba pomwe ena onse anayenda pa msewu. Lipoti limene ndinkalimbana nalo Loweruka lonse tsopano limatuluka ndisanamalize kapu ya tiyi.

Ngati muli ndi chipereganyu cha anthu khumi ndi asanu, musadzivute, kope ndi calculator zikukwanirani. Ife tinapitirira mazana awiri, tili ndi ndalama za mitundu iwiri komanso mbiri ya zaka zingapo, ndipo sindingabwerere ku spreadsheet kumene munthu amatha kufufuta mzere ndi chigongono osadziwa.

Chimene chikundisowetsabe tulo si manambala. M'bungwe lonse ndine ndekha amene ndingatsegule database imeneyi, ndipo ili ndi bungwe limene limakonzekera tsiku loti wina wa ife sadzadzuka. Awapampando anandifunsa mosapsatira kuti, "Ukatisiya iweyo, rand yako ija atitsegulire ndani?" Ndiye Lachisanu lililonse ndimakopera database yonse ndi pg_dump n'kuika pa flash imene imagona kwa amayi msungichuma, pamodzi ndi mapepala osindikiza a mweziwo. Loweruka m'mawa kumabwera mtsikana wina wa m'bungwe amene akuphunzira ku koleji ku Braamfontein. Sabata yatha tinali pa avg() ndi NULL, ndipo sindinamuuze kanthu, ndinamusiya kuti apeze avereji yokongola ija. Anaiyang'ana kanthawi, n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga amene sanapereke aja apita kuti?"