Kilipi kapena koyilo, CT kapena MRI: mtsempha ukaphulika mmutu, kapena akati muubongo muli chotupa

Anzanga a kuno ku Dedza, pali mutu wina umene sitiyenera kuuchedwera. Munthu ali bwinobwino, mwina akukumba mbatata kudimba, kenako kamodzinkamodzi mutu kuwawa koopsa koti sanamvepo chibadwire, kusanza, khosi kuuma, maso kudana ndi kuwala, ena mpaka kukomoka. Ambirife timangoti ndi malungo kapena BP yakwera, amwe panado agone. Koma nthawi zina umakhala mtsempha wa magazi wa muubongo umene unali ndi kathumba kofooka, madokotala amati aneurysm, ndiye kathumbako kaphulika. Mukudziwa chubu cha njinga chikafooka pamalo amodzi chimatupa pomwepo mpaka tsiku lina phuu, ndi zomwezo. Imakonda anthu a zaka za m'ma 40 mpaka 60, azimayi kuposa azibambo, makamaka a BP ndi osuta fodya.

Kathumbako kakaphulika kamodzi kamatha kuphulikanso, ndipo chiopsezo chachikulu chili pa tsiku loyamba lomwelo, nchifukwa chake amafuna kukatseka msanga. Njira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi kilipi, iyi ndi opaleshoni yeniyeni ya ku thiyeta. Amameta tsitsi, amatsegula kachigawo ka chigaza, dokotala akuyang'ana pa maikulosikopu mpaka kupeza khosi la kathumba kaja, ndiye amapanapo ndi kachitsulo kakang'ono ka titanium, magazi osalowanso. Kachitsuloko kamakhala mmutumo moyo wonse. Ndi njira yakale, Walter Dandy anaiyamba mu 1937 ku Baltimore, ndipo ubwino wake ngoti akapana bwino nkhani imathera pomwepo, kubwereranso ndi kwa apo ndi apo. Kuipa kwake mukutha kuona nokha, kutsegula mutu si masewera, bala limatenga nthawi, ndipo kwa agogo kapena munthu wofooka kale thupi limavutika kupirira.

Yachiwiri ndi koyilo. Apa mutu sautsegula ayi, amalowetsa kapaipi kowonda kwambiri mumtsempha wa mphechepeche mwa ntchafu kapena wa pa dzanja, nkumakakankha pang'onopang'ono akuonera pa sikilini mpaka kukafika muubongo, kenako amadzaza kathumba kaja ndi timawaya tofewa ta platinum, magazi amaundana mmenemo basi katsekeka. Anayambitsa ndi dokotala wa ku Italy, Guido Guglielmi, akugwira ntchito ku Los Angeles kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Nanga yabwino ndi iti? Kafukufuku wamkulu wotchedwa ISAT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsata odwala 2,143. Patatha chaka, pa anthu 100 alionse a koyilo pafupifupi 24 anali atamwalira kapena akudalira ena, pomwe a kilipi anali pafupifupi 31. Ndiye inde, pamene njira zonse ziwiri zikutheka, koyilo imapambana, ine sindikutsutsa. Koma anthu akamva zimenezi amaiwala mbali inayo. Timawaya tija timatha kuphwatalala pakapita nthawi, magazi nkuyambanso kulowa mkathumba, ndiye wa koyilo amafunika kumabwerera kukajambulidwa ndipo ena amawachitanso kachiwiri. Kwa munthu wokhala ku London zimenezo nzosavuta, koma kwa mayi wa ku Mayani kapena ku Lobi amene transipoti ya ku Lilongwe yokha mpaka agulitse mbuzi, ndi nkhani ina. Komanso si kathumba kalikonse kamene kamalola koyilo. Ka khosi lotambalala, kapena pamene magazi aundana chibuluma chachikulu chofunika kuchotsa, kilipi ndiye yoyenera. Kakakhala kumbuyo kwenikweni cha kunkhongo kovuta kufikako ndi mpeni, kapena wodwala ndi wokalamba, koyilo.

Ndipo koyilo imafuna chipinda chake cha makina ojambulira mitsempha, dokotala wophunzira zimenezo, ndi timawaya todula kwambiri, nchifukwa chake mabanja ambiri akamva za iyo amayamba kukamba za ku South Africa kapena ku India, pasipoti, ndalama za ndege, kusonkherana pa WhatsApp. Maganizo anga ndi awa, ngati dokotala wa opaleshoni ya ubongo wakuuzani kuti angathe kupana kilipi mawa, musamukane chifukwa chodikira koyilo ya mwezi wa mawa, mtsemphawo sukudziwa zoti mukusonkha ndalama.

Kaya kilipi kaya koyilo, gadiyani adziwe kuti kutseka kathumba si kutha kwa nkhondo. Kuyambira cha pa tsiku la 3 kufika la 14 mitsempha ina ya muubongo imatha kufinyika, munthu amene dzulo amacheza nkuyamba kusokonekera kapena mkono kufooka. Pofuna kuchepetsa vutoli amapereka mapilitsi a nimodipine maola 4 alionse kwa masiku 21, usiku omwe, ndiye ngati ndinu gadiyani tcherani alamu pa foni, ndipo mukaona kusintha kulikonse itanani anesi nthawi yomweyo.

Tsopano za kujambula, poti apa ndi pamene anthu timasokonezeka kwambiri, ena amaona ngati CT ndi ya osauka, MRI ya mabwana. Ayi. CT imagwiritsa ntchito X-ray, mphindi zochepa mwatuluka, ndipo magazi ongotuluka kumene imawaona bwino kwabasi, makamaka m'maola 6 oyambirira. Ndiye pa mutu wadzidzidzi uja CT ndiyo yoyamba, osati MRI. Kuchoka pa Boma kufika ku Kamuzu Central pa M1 ndi makilomita osakwana 100, pemphani kalata ya rifero msanga ndipo auzeni adokotala mawu ake enieni, kuti mutuwu unayamba kamodzinkamodzi, osangoti mutu ukuwawa. Brufen ndi asipirini musampatse, zimawonjezera kutaya magazi.

Chotupa ndiye china. Ichi sichibwera mwadzidzidzi, mutu wa masabata kapena miyezi woipa kwambiri m'mawa, munthu wamkulu kuyamba kugwa khunyu koyamba, maso kuona zinthu ziwiriziwiri, khalidwe kusintha mpaka achibale kuyamba kuganizirana za ufiti. Apa MRI ilibe mnzake. Imagwiritsa ntchito maginito, ilibe cheza cha X-ray, imaonetsa malire a chotupa ndi timalo ta kunkhongo pamene CT imasokonezedwa ndi mafupa. Koma konzekani, mumagona pa kabedi kopapatiza, mutu amauika mu kachikhola, nkukulowetsani mu chimphako momwe mumakhala phokoso la gogogo kwa theka la ola kapena kuposa, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Ndolo, makiyi, foni, ndalama zachitsulo, zonse zimatsala panja. Amene ali ndi batire la mtima kapena chitsulo mthupi anene asanalowe, ngakhale wa kilipi anene, za titanium zimalowa koma ayenera kudziwa mtundu wake. Makina a MRI ndi ochepa mdziko muno, a ku Queens ku Blantyre anabwera mu 2008 chifukwa cha kafukufuku wa ana odwala malungo a muubongo, ndipo kuzipatala zolipira mtengo wake umaposa wa CT kutali.

Ngati MRI ili kutali, CT yobaya mankhwala owalitsa mumtsempha imaonabe zotupa zambiri, bola ayeze kaye impso. Ndipo chithunzi chikaonetsa chinthu muubongo musayambe kulira maliro, kwathu kuno zina zimakhala TB, zina matenda a tizilombo otchedwa toxoplasmosis mwa amene chitetezo cha mthupi chatsika, zina timphutsi ta njoka za mmimba zija zimayenda pakati pa nkhumba ndi anthu, ndipo zonsezi zili ndi mankhwala. Ngakhale zotupa zenizeni, monga meningioma yomera pa kachikopa kokuta ubongo, zambiri si khansa. Chotsimikizira ndi kachidutswa kamene amakadula nkukayeza ku labu. CD kapena filimu imene akupatsani isungeni pamodzi ndi buku la kuchipatala, dokotala wotsatira adzafuna kuyerekeza yakale ndi yatsopano.