Nkhumba yophikidwa ndi utsi ku North Carolina

Abale anga a kumudzi, mumandifunsa kawirikawiri za ndiwo zimene timadya kuno ku America. Lero ndikuuzeni za nkhumba, poti kuno ku North Carolina ndiyo nyama imene eni dera amanyadira. Mafamu ake ndi ochuluka zedi, makamaka chakum'mawa.

Anzanga a kuntchito ananditengera kumalo ena mumzinda wa Durham, amene amawatcha brewpub. Ndi malo odyera, koma mowa amafula pomwepo. Mathanki akuluakulu achitsulo mumachita kuwaona kuseri kwa galasi, ndipo kafungo ka chimera kamakulandirani pakhomo. Wofuna mowa amaonetsa chiphaso chotsimikiza kuti wakwanitsa zaka 21, koma malowo si a zidakwa ayi. Ndinaona mabanja atakhala ndi ana awo akudya mwaulemu.

Ndinaitanitsa sangweji ya pulled pork. Inabwera m'banzi lofewa, nyama itasefukira m'mbali. Sanaidule ndi mpeni, anachita kuing'amba ulusiulusi. Tizidutswa tina tinali takuda ndi tolimbirako, tochokera kunja kumene utsi unagwira kwambiri, tina tonyowa ndi mafuta. Pamwamba anaikapo kabichi wosaphika wodulidwa bwinobwino, ndipo pambali panali timibulu ta ufa wa chimanga tokazinga m'mafuta, timene amati hush puppies. Nditaluma, choyamba kumveka chinali utsi, kenako viniga ndi tsabola. Mano analibe ntchito, nyama inkangosungunuka mkamwa.

Kwathu kanyenya ndi wa moto waukali: makala apsa, nyama yatembenuzidwa kangapo, mchere ndi tsabola, basi mwayamba kutafuna. Kuno amachita zosiyana kotheratu, ndipo ndinafunsitsa kwa bambo amene amaphika. Amatenga phewa la nkhumba, mbali yolimba yodzaza mitsempha, yomwenso ndi yotsika mtengo. Amalipaka mchere, shuga ndi tsabola wogaya, n'kuliika mu uvuni wachitsulo momwe lawi silikhudza nyama. Kutentha kwake n'kwapansi, madigiri pafupifupi 110 a Celsius, ndipo nyama imakhalamo maola 10 kapena kuposa, nthawi zambiri usiku wonse. Nkhuni ndi za mitengo yolimba ya hickory kapena oak. Pang'onopang'ono mitsempha ija imasungunuka n'kunyowetsa nyama yonse. Amadziwa kuti yapsa fupa likamazuka lokha popanda kulimbana nalo.

Anandiuzanso chinthu chimene chinandikhudza mtima. Kale m'madera akumwera kwa dziko lino, amene ankachezera usiku pa maenje a makala kuwamba nkhumba zathunthu nthawi zambiri anali akapolo ochokera kwathu ku Africa. Luso limeneli analisiyira ana ndi zidzukulu zawo, ndipo mpaka lero ena mwa akatswiri ake ndi anthu akuda.

Pa nkhani ya sosi ndiye pali mkangano wosatha. A kum'mawa kwa North Carolina amawamba nkhumba yonse n'kuthira viniga ndi tsabola yekha. A ku Lexington, mzinda wa ku North Carolina komweko, amaphika phewa lokha ndipo mu viniga amawonjezeramo tomato pang'ono. Mukatsikira ku South Carolina mupeza sosi wachikasu wa masitadi, pomwe wa ku Kansas City ndi wolimba ndi wotsekemera. Ine ndili mbali ya viniga. Shuga wambiri amaphimba kukoma kwa utsi, pomwe viniga amadula mafuta, munthu n'kudya osakoledwa.

Chimene sindinagwirizane nacho ndi banzi. Linanyowa msanga, ndipo kutsekemera kwake sikunayenerane ndi nyama yotere. Theka ndinanyamula, mawa lake ndinaphika nsima ndi masamba, ndipo pamenepo ndiye nyama ija inakhala pamalo pake.

Amene mukukonzekera kubwera kuno, dziwani kuti mtengo wolembedwa pa menyu si umene mudzalipire. Amawonjezerapo msonkho, komanso wokutumikirani mumamusiyira ndalama yomuthokoza ya 15 mpaka 20 peresenti ya mtengo wa chakudyacho, chifukwa ambiri amadalira yomweyo. Abale athu Achisilamu ndi a Seventh Day, malo ambiri amakhalanso ndi nkhuku kapena ng'ombe, koma funsani ngati amaphikira pamodzi, ndipo samalani ndi nyemba ndi masamba awo, poti amakonda kuikamo nkhumba.

Inu achimwene amene mumaotcha nyama pamsika, izi n'zotheka kwathu komweko. Dulani mgolo wachitsulo woyera pakati motalika, makala akhale mbali imodzi, nyama mbali ina, mutseke n'kusiya kabowo kotulukira utsi. Nkhuni zikhale zouma ndi zolimba. Paini kapena bulugamu musayerekeze, utsi wake umawawitsa nyama. Mukayatsa madzulo n'kumawonjezera makala pang'onopang'ono, pofika mmawa phewa likhala litapsa.