Katoni, chigubu, fomu kapena malata: zovala za asilikali a m'sewero tipangire chiyani?

Aliyense amene anavekapo asilikali a Chiroma pa sewero la Lachisanu Loyera, kapena Goliati wa ana a Sande sukulu, amadziwa kuti mkangano umayambira pa funso limodzi: tipangire chiyani? Kuno ku Chipata zinthu zimene munthu angazipeze osakwera basi ya ku Lusaka ndi zinayi, katoni, chigubu, fomu (pulasitiki yofewa ngati ya patapata) ndi malata. Pulasitiki ya Worbla imene anzathu akunja amaitama pa YouTube ndiiika pambali, chifukwa njoitanitsa kunja ndipo ndalama yake ingaveke gulu lonse. Pa zinayi zotsalazi, ine ndimaona kuti palibe chimodzi choyenera thupi lonse. Chifuwa chili ndi chake, mutu uli ndi chake, chishango nacho chili ndi chake.

Tiyambe tadziwa chimene tikutsanzira. Chovala cha mizeremizere chimene anthu amangoti akachiona n'kunena kuti uyo ndi Mroma, akatswiri amachitcha lorica segmentata. Mamangidwe ake anayamba kumveka bwino kuchokera mu 1964, pamene anthu ofukula zakale anapeza bokosi la zidutswa zake ku Corbridge, kumpoto kwa England. Chinali cha timalamba tachitsulo tozungulira thupi, tosanjikizana, tokhomeredwa pa zingwe zachikopa zoyenda m'kati kuchokera pamwamba kutsika pansi. Chonse chinkalemera pafupifupi makilogalamu 9. Asilikali a Pilato ku Yudeya sanali a magulu akuluakulu a Roma koma othandizira olembedwa m'dera lomwelo, ndipo ambiri otere ankavala malaya a unyolo. Koma unyolo ngwovuta kuluka, ndipo mpingo umazindikira msanga cha mizere chija, ndiye tonse timapanga chimenecho. Chofunika kugwira apa n'chakuti kalamba kalikonse kamapinda mbali imodzi yokha, mozungulira thupi. Chisoti ndiye chimapinda mbali zonse. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumasankha chipangizo.

Katoni ndiye poyambira pa aliyense. Mumaipempha m'mashopu a ku Down Shops kapena kuigula motchipa ku Kapata, mumaidula ndi lezala, ndipo mwana wa giredi 6 angathandize. Ili ndi mizere ya m'kati: mukapinda motsata mizereyo imazungulira bwino, mukapinda mopingasa imathyoka n'kusiya chipsera chimene penti sangabise. Ambiri amaimata mapepala ndi phala la ufa wa chinangwa kuti ilimbe. Imalimbadi, koma phala limenelo ndi chakudya, ndipo mukaisunga m'chipinda cha kutchalitchi mpaka chaka chamawa mudzapeza mphemvu ndi makoswe zadyeratu. Guluu woyera wa akalipentala wosungunula ndi madzi pang'ono amachita bwino kuposa phala. Komabe vuto lenileni la katoni pathupi ndi chinyezi. Pasaka imagwa kumapeto kwa Marichi kapena mu Epulo, mvula isanatsanzike kwenikweni, ndipo Njira ya Mtanda imayenda panja. Ngakhale kusagwe dontho, thukuta limalowera m'khwapa ndi pamsana, katoni n'kufewa, bowo la chingwe n'kung'ambika. Ya sewero la m'kalasi la mphindi 20 ndi yokwanira. Ya ulendo wa padzuwa, ayi.

Chigubu ndicho ndimachikonda pa chifuwa ndi mapewa, ndipo pano ndichedwapo. Ndikunena zigubu za mafuta ophikira za malita 20 ndi ndowa zazikulu za penti. Yang'anani pansi pake: mupeza kachizindikiro ka makona atatu kali ndi nambala m'kati. Nambala 2 ndi pulasitiki ya HDPE, nambala 5 ndi PP, zonse ziwiri n'zabwino. Chigubu chathunthu chopanda kanthu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, choncho chovala chonse sichimulemetsa munthu ngakhale atayenda nacho kuchokera ku tchalitchi mpaka kuphiri. Sichiopa mvula, sichiopa thukuta, chiswe sichichifuna, ndipo msilikali akagwa pamanda paja m'mawa wa kuuka, chimangopindika n'kubwerera.

Ndowa ili ndi mwayi wina umene chigubu cha makona chilibe. Ndi yozungulira kale, ndipo kuzungulira kwake kuli cha m'ma sentimita 90, pafupifupi chifuwa cha mnyamata wochepa thupi. Mukaidula mphetemphete za masentimita 6 kapena 7 m'lifupi, kenako mphete iliyonse n'kuidula pawiri, mwapeza timalamba topinda kale, ta kumanja ndi ta kumanzere. Popeza ndowa imachepa kumunsi, mphete zapansi zikhale za m'chiuno, zapamwamba za pachifuwa. Zidutswa zafulati za chigubu mukhoza kuziviika m'madzi owira, kuzimangirira pa chipika ndi malegeni, n'kuzisiya zizizire momwemo.

Zovuta zake ndi ziwiri, ndipo onse amene amachinyoza chigubu anagwa pa ziwirizi. Choyamba, guluu sagwira. Kaya wa nsapato, kaya supagulu, mawa lake amamatuka. Pulasitiki imeneyi imafuna kuboola ndi kukhoma: mariveti, kapena waya wopyapyala wopotera kumbuyo ndi kuphimba ndi kansalu kuti asabaye. Bowo mumaboola ndi msomali wotentha, ndipo m'mphepete mwa bowolo mumasungunuka n'kukhala kamphete kolimba kosang'ambika. Chachiwiri, penti amasupuka. Mankhwala ake ndi kukwecha ndi sandipepa mpaka kunyezimira konse kuthe, kenako kudutsitsa lawi la moto pamwamba mofulumira, osaima malo amodzi. Kuti mudziwe ngati zatheka, thirani madzi pang'ono: akayala ngati pa mbale yotsukidwa bwino, penti agwira; akaundana timadontho, bwerezani.

Pali chenjezo limodzi limene sindinyengerera. Chigawo chathu n'cha thonje ndi fodya, ndipo zigubu za mankhwala opopera m'munda zili ponseponse, zina zokongola ndithu. Musazigwiritse ntchito ngakhale mutazitsuka kangati. Mankhwala amalowerera m'pulasitiki, ndipo chovala ichi chikakhala pa khungu la mwana wa munthu amene akutuluka thukuta. Mapaipi a PVC nawonso, a nambala 3, amafewa msanga pamoto ndipo ena amawakonda pa zotchinga mikono, koma akangopserera amatulutsa utsi woipa wowotcha pakhosi ndi m'maso. Ngati mwasankha amenewo, ntchitoyo ichitikire panja.

Fomu ya EVA ndi ija ya timphasa tolumikizana ta ana kapena ta masewera olimbitsa thupi, mtundu womwewo wa patapata zopepuka. Si siponji ya matiresi, imeneyo siumbika. Pa zinayi zonse fomu ndiyo yodula, ndipo kupezeka kwake n'kwamwayi: nthawi zina m'mashopu a m'tauni, nthawi zina pa salaula, nthawi zina mpaka kutumiza munthu wopita ku Lusaka kapena wodutsa pa Mwami kupita ku Lilongwe. Koma ikapezeka, palibe chinzake pa chisoti. Mukaitenthetsa, kaya ndi makina opemerera mpweya wotentha kaya patali pang'ono pamwamba pa mbaula ya makala opsa bwino, imafewa, ndipo mukaikanikiza pa bondo kapena pa mphika wovundikira imatenga maonekedwewo n'kukhala choncho ikazizira. Katoni singachite zimenezi, chigubu sichingachite zimenezi. Yokhuthala mamilimita 10 ndi ya chisoti chenicheni, ya mamilimita 5 kapena kucheperapo ndi ya zokongoletsa ndi zotchinga masaya.

Guluu wake ndi uja wa osoka nsapato. Mumapaka mbali zonse ziwiri mopyapyala, n'kudikira mphindi zingapo mpaka asiye kumata chala, ndiyeno n'kugunditsa m'mphepete pang'onopang'ono kuyambira kumapeto amodzi. Pamene pagundana pagwira, palibe kusunthanso. Lezala ikhale yatsopano nthawi zonse, chifukwa fomu imabunthitsa msanga ndipo lezala yobuntha imasiya m'mphepete monyenyeka. Musanapake penti, pakani guluu woyera kawiri kapena katatu kuti atseke timabowo, apo ayi fomu imamwa penti yense n'kukhalabe yotuwa.

Nanga bwanji osapangira fomu thupi lonse, ngati ndalama zilipo? Chifukwa cha kutentha. Fomu siipitsa mpweya ngakhale pang'ono ndipo imasunga kutentha kwa thupi. Chapachifuwa cha fomu chathunthu mu Okutobala wa kuno n'chilango, ndipo ngakhale mu Epulo munthu amatuluka m'menemo malaya ali chonyowa. Timalamba ta chigubu tili ndi mipata pakati pake, mphepo imalowa. Chinanso, fomu imang'ambika pamene pali chingwe ngati simunamatepo nsalu kumbuyo, ndipo mukaisanjikira katundu wolemera posunga, chidindo chake sichichoka.

Malata ndiwo amakopa maso kwambiri. Amanyezimira okha osafuna penti, amalira munthu akamayenda, ndipo amisiri okhoma zidebe ndi mbaula pamsika amatha kukudulirani timalamba tonse tsiku limodzi, m'mphepete atapinda bwino. Ndimawalemekeza amisiri amenewa, ndipo pa chovala choimika pachionetsero ndingapite kwa iwo. Koma pa sewero la anthu ambiri sindivomera. M'sewero la masautso a Yesu muli kukankhana, kugwa, khamu kupanikizana, ana kuthamangira kutsogolo. Kona imodzi yosapindidwa ikwanira kucheka mkono wa amene akusewera Yesu. Padzuwa lata limatentha moti simungaligwire, pokandika limachita dzimbiri, ndipo likaphwanyika silibwerera lokha. Musayesenso kuliwotcha kuti lifewe, chifukwa zinki wokutira pamwamba uja akapsa utsi wake umadwalitsa.

Chishango ndi pamene katoni imabwezera ulemu wake. Cha Aroma chinali chachitali, chopinda, chopangidwa ndi timatabwa topyapyala tomatikizana mopingasana, kunja atakuta nsalu ndi chikopa. Chimodzi chathunthu chinapezeka ku Dura-Europos m'dziko la Syria. Ifenso tingachite chimodzimodzi: makatoni atatu omatikizana ndi guluu woyera, omangirira pa mgolo usiku wonse kuti aume atapinda, kenako n'kukuta ndi nsalu ya bedi yakale yoviika m'guluu. Chikauma chimalira ngati thabwa mukachigogoda. Sichikhudza thukuta la munthu, ndipo penti wa mafuta ndi vanishi zimachiteteza ku mvula yowaza. Pakati pake khomanipo mbale yakale yachitsulo, chogwirira chikhale kumbuyo kwa mbaleyo. Apa nditchulepo kuti zonsezi ndi za sewero. Zishango za ku Nc'wala, mwambo wa Angoni, zimene impi (ankhondo) zimanyamula ku Mtenguleni pamaso pa Nkhosi ya Makhosi Mpezeni mu Febuluwale, n'zachikopa cha ng'ombe ndipo zili ndi eni ake odziwa kuzipanga. Sewero la kusukulu likafuna Mngoni, kabwerekeni chenicheni mwaulemu m'malo mojambula mawanga pa katoni.

Chipangizo chilichonse chimene mwasankha chidzalephera ngati muyeso walakwika. Pa 1 Samueli 17 Davide anavula zida za Sauli chifukwa sanathe kuyenda nazo, ndipo anyamata athu ambiri amavutika chimodzimodzi koma amangopirira poopa akuluakulu. Musayese ndi maso. Muvekeni munthuyo malaya amene adzavale m'kati tsikulo, mumukulunge pepala la pulasitiki, mumate tepi pamwamba pake, mujambule mizere ndi cholembera, kenako mudule mosamala cham'mbali. Chimene mwachotsacho ndiye patani yanu. Pa chisoti chitani chimodzimodzi kumutu, nkhope ili poyera, ndipo muwonjezere pang'ono chifukwa kukhuthala kwa fomu kumadya malo m'kati.

Chapachifuwa cholimba chithere pa mchombo. Chikapitirira, munthu akawerama chimamukwera pakhosi. Kutsogolo, pakati pa mapewa, chikhale chopapatiza kuposa mmene maso akufunira, kuti athe kutambasula manja onse awiri kutsogolo n'kugunditsa zikhatho osapanidwa. Timalamba tisanjikizane ta pamwamba kuphimba ta pansi ndi chala chimodzi kapena ziwiri, ndipo tikhomeredwe pa zingwe za m'kati, osati tokhatokha. Mukatikhomerana, mwapanganso ndowa ija ndipo munthu sapindika. Zingwe zabwino ndi za zikwama zakale za pa salaula, pamodzi ndi zomangira zake zapulasitiki zongokanikiza. Malegeni ndi abwino pa zotchinga miyendo ndi mikono chifukwa amatamuka, koma asakhudze khungu, amatupitsa. Pa mapewa ikanipo siponji kapena nsalu yopindapinda. Musanapake penti, muuzeni munthuyo agwade, akhale pansi, anyamule mkondo, athamange pang'ono, ndipo mumufunse kuti, "Achimwene, pakukupanani ndi pati?" Pamene waloza, chongani ndi kudula pomwepo.

Pa penti, siliva wopopera yekha amaoneka ngati pepala la m'paketi ya fodya ndipo amaulula chilema chilichonse. Yambani ndi wakuda, aume, kenako tengani siliva pang'ono pa kansalu n'kupukutira pamwamba mosiya m'makona muli mwakuda. Ufa wa mkati mwa pensulo, woperapera pa sandipepa ndi kutikita ndi chala pa penti wakuda, umatulutsa kunyezimira kwa chitsulo chakale. Njira imeneyi imathandizanso kuti chisoti cha fomu ndi chifuwa cha chigubu zioneke ngati zinatuluka kwa wosula mmodzi. Mukamaliza sewero, pukutani m'kati ndi madzi a sopo, lembani dzina la wovala pa chingwe cha m'kati, ndipo mupachike zovalazo pa msomali, chisoti chilichonse m'thumba lakelake.