Makina amene tinawafunditsa chitenje ku Chipata

Abale anga a ku Mchinji, angapo mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti zida za mu labu timazigula kuti kuno ku Zambia, makamaka inu amene mukuganiza zotsegula kakiliniki kanu. Ndikuyankheni nonse pamodzi, ngakhale nkhaniyi imandichititsa manyazi.

Ndinawoloka pa Mwami zaka zinayi zapitazo nditapeza ntchito pa kiliniki ina yomwe si yaboma. Chinenero sichinandivute, kungoti ndikati "tsopano" anzanga amaseka, iwo amati "manje". Chonditayitsa nthawi chinali mapepala: ngakhale unalembetsa ku Medical Council of Malawi, kuno umalembetsanso ku Health Professions Council of Zambia.

Mu labu ndinapezamo maikulosikopu imodzi, centrifuge (makina ozunguza magazi kuti alekane) yolira ngati chigayo, ndi firiji ya m'nyumba. Wodwala akafunika full blood count, kuwerenga maselo a m'magazi, tinkamutumiza kwina, ndipo ambiri sankabwereranso. Eni kilinikiyo, mayi amene kale anali namwino, zinawakwana. "Achimwene a ku Malawi, pitani ku Lusaka mukationere makina."

Ndinakwera basi ya m'bandakucha. Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, kenako zitunda zokhotakhota zotsikira ku mlatho wa Luangwa kumene amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Ndi makilomita opitirira 550. Mtunda umenewu musauiwale, ubweranso.

Makoteshoni ndinatenga atatu. Awiri anali a makina atsopano, mtengo wake wodula m'mimba. Wachitatu anali wa bambo wina wolankhula mokoma, amene anali ndi makina ogwirapo kale ntchito pafupifupi pa theka la mtengo. Anandibaya chala, makina anayamwa magazi, mphindi imodzi yokha kapepala kanatuluka: hemoglobin, maselo oyera, mapulatileti, zonse mwaukhondo. Ndinangoti laponda lamphawi. Ndinafunsa za waranti, ndinafunsa ngati amagwira pa magetsi a 230 volts ngati athuwa. Za chakudya cha makinawo sindinafunse.

Makina owerengera magazi amamwa. Amafuna diluent, madzi osungunulira magazi, amafuna lyse yoswa maselo ofiira, amafunanso cleaner yotsukira timapaipi. Ndipo samwa pokhapokha mukuyeza munthu ayi. Mukangoyatsa amadzitsuka, pozimitsa amadzitsukanso. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, magetsi ankathima maola ambirimbiri tsiku lililonse, nthawi zina n'kubwera pang'ono n'kuthawanso. Kuyatsa kulikonse kunali kutaya mankhwala. Chigubu cha malita 20 chimene tinkayesa chitifikitsa patali chinatha tikuona.

Apa ndi pamene ndinadziwa tanthauzo la closed system. Tinagula diluent wina wotchipa, makina anamukana. Amafuna khadi lobwera ndi mankhwala a kampani yawo basi. Bambo wolankhula mokoma uja foni yake inayamba kungoitana. Ogulitsa ena anati mtundu umenewo anasiya kusunga mankhwala ake, tiitanitse kunja. Kuitanitsa kumafuna chilolezo cha ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala kuno ku Zambia, ndipo kukweza pandege chigubu chimene mbali yaikulu ndi madzi a mchere ndi misala. Kachubu kena katatsekeka, woti akonze anali ku Lusaka: basi, pogona ndi chakudya, zonse pa ife, asanagwire n'komwe sikuludiraiva.

Firiji nayo inatiwonongera. Magazi a control, amene timayesera ngati makina akunena zoona, amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Mmawa wina ndinatsegula, kabotolo kali kofunda ngati kachoka m'thumba la malaya. Tsiku limenelo sindinatulutse zotsatira za munthu aliyense. Mayi aja anakwiya, koma ine kulemba dzina langa pansi pa manambala osatsimikizika sindingathe.

Ulendo wachiwiri tinayambira ku sola, inverter ndi mabatire, makina pambuyo. Kwa ogulitsa sindinafunsenso mtengo wa makina poyamba. Ndinafunsa kuti kuyeza munthu mmodzi kumadya ndalama zingati, mankhwala afika ku Chipata pakatha masiku angati, amatha mphamvu liti, ndiponso wokonza amabwera kangati kuno kum'mawa. Ndinapemphanso nambala ya labu ina ya m'chigawo chino imene ikugwiritsa ntchito makina omwewo, ndipo ndinaimbadi. Wogulitsa mmodzi anazemba funso limenelo, tinamusiya pomwepo. Amene tinamusankha anali wokwera mtengo, koma anabwera kudzatiphunzitsa masiku awiri, ndipo zonse zinalembedwa.

Maikulosikopu yakale ija ikadali mfumu. Nyengo ya dzinja, malungo akavuta, ndimakhala pa diso la 100, galasi lokulitsa kwambiri, ndi kadontho ka mafuta mpaka khosi kuuma. Madzulo ndimaitsekera m'bokosi ndi timapaketi ta silica gel kuopa nkhungu pa magalasi.

Makina oyamba aja ali pakona, tinawafunditsa chitenje. Mlendo akafunsa, mayi aja amayankha osaseka: "Iyo ndi sukulu fizi ya achimwene a ku Malawi." Pamwamba pake timaikapo ketulo.