Nambala yaikulu pabokosi inandidyera malipiro a masabata atatu

Mlongo wanga anandilembera uthenga kumayambiriro kwa 2024. "Achimwene, mukapeza kangachepe mundigulireko Samsung A54. Makasitomala akumadandaula kuti zithunzi za katundu wanga sizikuoneka bwino." Dzina la foniyo analitchula bwinobwino, sanaphonye. Ndikulemba izi kuti wina asadzagwe m'mbuna imene ndinagwamo ine, kaya ndinu abale akumudzi amene mumatuma, kaya ndinu anzanga a kuno kunja amene mumatumidwa.

Kuno ndalama sititola pansi. Ndimanyamula makatoni maola 10 patsiku, masiku 6 pasabata, ndipo ndikachotsa lendi ndi yoyendera, chotsala chimathera m'manja. Ndinasunga pang'onopang'ono kwa miyezi inayi. Tsiku lopuma ndinalowa m'sitolo ina ya mafoni, n'kunena dzina limene mlongo wanga anandipatsa. Wogulitsayo anamwetulira, anawerama pansi pa kauntala n'kutulutsa bokosi lokutidwa ndi pulasitiki yonyezimira. "Bwana, A54 mukuifuniranji? Nayi A70. Inuyo mukuona kwanu, 70 ndi 54 wamkulu ndani?" Anaiyatsa n'kuiika pafupi ndi A54 ya pashelefu. Sikirini ya A70 ndi mainchesi 6.7, ya A54 ndi 6.4, ndiye maso anga anagwirizana ndi pakamwa pake. Mtengo wake unali wotsikirapo. Mumtima ndinati lero mwayi wandigwera.

Tinagwirizana ndalama yofanana ndi malipiro anga a masiku 14. Pofika pa makina olipirira, nkhani inasintha. Chaja akuti n'njapadera. Kagalasi kotchinga sikirini anali atamata kale ndisanapemphe, nako n'kolipira. Kenako panabwera ina imene anaitcha yoikira mapulogalamu, pomwe chimene anachita n'kuyatsa foni n'kusankha chinenero basi. Polipira ndi khadi anawonjezeranso 5 peresenti. Zonse pamodzi zinakwana masiku 18 a thukuta langa, masabata atatu athunthu. Masiku 4 anapita pa zinthu zimene sanazitchule pamene tinkanenerera mtengo. Nditayamba kung'ung'udza anandigwira paphewa n'kunena kuti ndisade nkhawa, foniyi ili ndi chitsimikizo cha miyezi 6, ikavuta chilichonse asintha.

Ndinaipatsira munthu amene ankabwera kumudzi. Patatha masabata asanu mlongo wanga anaimba. Batire ikumatha dzuwa lisanafike pamutu, chivundikiro chakumbuyo chayamba kutukumuka, ndipo foni ikumatentha ngati mbaula akangojambula zithunzi zingapo. Ankalankhula motsitsa mawu, ngati wolakwa ndi iyeyo. Zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri.

Ndinabwerera kusitolo kuja ndi lisiti. Munthu yemwe uja, wa kumwetulira kuja, anatembenuza lisitilo n'kundilozera timalemba ting'onoting'ono takumbuyo: masiku 7 okha, foni ibwere m'manja pamodzi ndi bokosi lake. Za miyezi 6 akuti sakuzikumbuka. Anadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti foniyo ikuwoloka malire, chifukwa ndinamuuza ndekha. Anadziwa kuti sidzabwerera.

Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wachikulire wokonza mafoni, wa katebulo kakang'ono kodzaza timasikuluwu ndi mabatire akale. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandilondolera. Bamboyo anati ndiuze mlongo wanga alowe mu Settings, apite pa About phone, ajambule zimene zalembedwapo. Chithunzi chitafika anavala magalasi ake n'kuwerenga mokweza: SM-A705F, Android 11. Anapukusa mutu. "Mwana wanga, foni iyi inatuluka mu 2019. Akugulitsa yazaka zisanu, angoisintha bokosi." Anatenga pepala n'kuyamba kundilembera, osandilipiritsa kanthu.

Zimene anandiphunzitsa ndi izi, ndipo pambuyo pake ndinazitsimikizira ndekha. Pa mafoni a Galaxy A, manambala awiri aja sawerengedwa pamodzi ngati mmene timawerengera ndalama. Aliyense ali ndi ntchito yake. Yoyamba imanena mlingo wa foni: 0 ndi 1 ndi zapansi, 2 ndi 3 zapakatikati, 5 ndi 7 zapamwamba m'banja limenelo. Yachiwiri imanena m'badwo. A50 ndi A70 ndi za 2019, A51 ndi A71 za 2020, A52 ndi A72 za 2021, A53 ndi A73 za 2022, A54 ya 2023, A55 ya 2024. Ndiye A70 inalidi yabwino pa nthawi yake, koma ndi yakale ndi mibadwo inayi poyerekeza ndi imene mlongo wanga anapempha. Inatuluka ndi Android 9 n'kukathera pa 11, sidzalandiranso ina. A54 inatuluka ndi Android 13 ndi lonjezo la kukwezedwa kanayi. Wogulitsa uja sananame kuti 70 imaposa 54. Anangogwiritsa ntchito masamu a kusukulu pamalo pamene sagwira.

Msampha womwewu umatcheredwanso chakumbuyo. Wina adzakuuzani kuti A15 ndi yatsopano kuposa A54, ndipo n'zoona, koma A15 ndi ya mlingo wapansi. Kutuluka mochedwa sikuikweza. Mukamva dzina, gawani manambalawo pawiri, mufunse mafunso awiri: ili pa mlingo uti, nanga ndi ya chaka chiti.

Pa Galaxy S zinthu n'zosavutirapo. S10 inatuluka mu 2019, kenako analumpha n'kufika pa S20 mu 2020, ndipo kuchokera pamenepo nambala imayenda ndi chaka: S21, S22, S23, S24. Munthu akakuonetsani S15 kapena S18, thawani, kulibe. Koma yang'anani mawu otsatira nambala. Ultra ndi yapamwamba kwambiri, FE ndi yochepetsedwa zina kuti itsike mtengo. S23 FE si S23, ngakhale wogulitsa atameza zilembo ziwirizo polankhula.

Chimene bambo uja anakhalitsapo ndi nambala yaitali ija yoyamba ndi SM. Anati dzina la pabokosi ndi la otsatsa malonda, koma iyi ndiye dzina lenileni la foni. Taonani A15. Ilipo SM-A155 ndi SM-A156. Kunja zimafanana ngati mapasa, koma yothera ndi 5 ndi ya 4G, yothera ndi 6 ndi ya 5G, ndipo ngakhale purosesa ya m'kati ndi yosiyana. Pali anthu amene alipira mtengo wa 156 n'kunyamula 155. Chilembo chotsatira chimanena dera limene foniyo anaipangira. U ndi ya makampani a netiweki a ku United States, U1 ndi ya komweko koma yosamangidwa ku kampani, W ndi ya ku Canada, N ya ku Korea, pomwe F, B ndi E ndi zimene zimagulitsidwa m'maiko ambiri. Mukaona DS kumapeto, imalowa malaini awiri.

Apa m'pamene ndinaona kuti bamboyo ndi munthu woona. Pa tebulo lake panali foni yokongola, ya mlingo wapamwamba, pa mtengo umene ndikanaukwanitsa. Ndinaigwira. Anandilanda mwaulemu n'kuitembenuza. "Iyi ili ndi U, ndipo ndi yokhoma. Imamva laini ya kampani imodzi yokha. Ukatumiza kwanu mlongo wako azikangoonerapo nthawi." Akanatha kungokhala chete n'kulandira ndalama, ine sindikanadziwa mpaka foni itafika. Pa anthu onse ogulitsa mafoni amene ndakumana nawo kuno, ndi iye yekha amene anakana ndalama yanga.

Tsopano inu a iPhone, chifukwa ndikudziwa kuti maloto ambiri ali kumeneko. iPhone 9 kulibe. Mu 2017 kunatuluka 8 ndi X, mu 2018 XS ndi XR, kenako 11 mu 2019, ndipo chaka chilichonse nambala imakwera ndi imodzi mpaka 15 mu 2023 ndi 16 mu 2024. Dzina loti SE lagwiritsidwa ntchito katatu, mu 2016, 2020 ndi 2022, ndiye munthu akangoti "SE" osanena chaka, sanakuuzeni kanthu. Choopsa kwambiri n'chakuti kuyambira pa iPhone 14, zogulitsidwa ku United States zilibe kabowo kolowetsa SIM khadi, zimagwira ndi eSIM yokha, laini yoikidwa m'foni popanda khadi. Mnzanga wina wa kuntchito anagulira mkazi wake yotero. Foni inafika bwinobwino, mayiyo anaizunguliza mbali zonse kufuna poika laini, osapapeza. Ngati kampani ya laini yanu sipereka eSIM, mwagula galasi lodula. Mu About wa iPhone muli nambala ya Model imene imaulula zambiri. Ikayamba ndi M, foniyo inagulitsidwa yatsopano. F ndi yokonzedwanso, N ndi yoperekedwa m'malo mwa ina yowonongeka. Ikathera ndi LL/A ndi ya ku United States. Wogulitsa amene akukukanizani kutsegula tsamba limeneli ali ndi chimene akubisa.

Mawu oti Pro asakutengeni mtima. Redmi Note 12 yokha ilipo ya 4G, ya 5G, 12S, Pro ndi Pro+, ndipo Note 12 Pro ya 4G ili ndi purosesa ya Snapdragon 732G, yomweyo imene inali mu Note 10 Pro ya 2021. Pa Tecno, Pop ndi Spark ndi zapansi, Camon ili pamwamba pake, Phantom ndiye pamwamba penipeni. Pa Infinix, Smart ili pansi pa Hot, Hot pansi pa Note. Kuyerekeza nambala ya Spark ndi ya Camon, kapena ya kampani ina ndi ina, n'kutaya nthawi, chifukwa aliyense amawerenga mwa njira yake. Ndipo bokosi likalembedwa 8+8GB RAM, RAM yeniyeni, malo amene mapulogalamu amagwirira ntchito, ndi 8. Inayo amabwereka ku malo osungira zinthu ndipo siithamanga mofanana. Wogulitsa adzati 16, inu muziti 8.

Ndilankhule mosapsatira kwa abale akumudzi. Ena a inu mumatitumizira chithunzi cha foni imene mwaona pa Facebook n'kulemba kuti "iyi kapena yoposa". Yoposa potani? Mawu amenewo ndi amene amatiperekeza kwa akuba, chifukwa timalowa m'sitolo tikufuna nambala yaikulu yoti mukasangalale nayo. Mumafuna Ultra pomwe ntchito yanu ndi WhatsApp ndi kuimba. Mumafuna 5G osafunsa ngati kumene mukukhala imagwira. Foni ikabwera ya nambala yaing'ono mumakwinya nkhope, mumvekere akunja aja ndi oumira, osadziwa kuti A35 imene mwainyozayo ndi yatsopano ndi zaka zisanu kuposa A70 ya mnansi wanu. Amalume ena anandikwiyira mwezi wathunthu chifukwa ndinakana kuwagulira foni ya maina atatu ophatikiza, Pro, Max ndi Ultra pa bokosi limodzi, ya kampani imene palibe anaimvapo. Amalume, ndimakulemekezani, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Foni zotero zimalemba 512GB pa sikirini, mukaikamo mavidiyo ochepa yadzaza.

Ndipo inu anzanga a kuno, manyazi ndi amene amatipha. Timaopa kufunsa kuti tingaoneke obwera. Musatulutse khadi foni isanayatsidwe pamaso panu. Imbani *#06#, patuluka IMEI, chizindikiro cha foni imeneyo yokha cha manambala 15, muione ngati ikufanana ndi ya pabokosi. Nambala yaitali ija yoyamba ndi SM ilembeni pa intaneti muli pomwepo, chaka chimene foniyo inatuluka chioneka nthawi yomweyo. Ikanimo laini ya kampani ina muone ngati ikugwira. Funsani mtengo wonse, ndi chaja, ndi khadi, ndi chilichonse, alembe papepala musanavomere. Lisiti muliwerenge kumbuyo. Pulasitiki yonyezimira isakunamizeni, makina okutira mabokosi alipo ambiri ndipo bokosi langa lija linakutidwa bwino kuposa latsopano. Lonjezo la pakamwa la miyezi 6 silikuthandizani foni ikakhala kutali ndi sitolo, choncho kuyesa konse kuchitike ndalama ili m'thumba mwanu.

Zinanditengera miyezi ina itatu kuti ndisonkhanitsenso ndalama. Ulendo uno ndinapita ndi pepala la bambo uja m'thumba. Ndinaimba *#06#, ndinatsegula About phone, ndinawerenga SM-A546E/DS chilembo ndi chilembo, ndinalowetsa laini yanga ndi ya mnzanga, zonse zinagwira. Ndinajambula tsambalo n'kutumizira mlongo wanga ndisanalipire, iye anayankha kuti ndi yomweyo. A70 ija ili m'kabati kwake, batire yake yotupa anaichotsa kuopa moto. Sabata yatha mphwanga walemba kuti akufuna foni yoyambira nayo koleji. Ndamuyankha kuti anditumizire dzina lonse, chaka chake, ndi nambala yaitali ija, ndipo mpaka pano akufufuzabe.