WISE kapena Herschel: fumbi la nyenyezi zofiira tilisake ndi iti?

Anzanga okonda zakuthambo kuno ku Blantyre, pofufuza fumbi lozungulira nyenyezi zofiira zing'onozing'ono zoyandikana nafe, ambiri mukuthamangira zithunzi za WISE, telesikopu ya mumlengalenga. Ine ndikuti tiyambe ndi za Herschel, telesikopu inanso ya mumlengalenga. Zonse n'zaulere pa intaneti, cholipira ndi bandulo basi.

WISE imakopadi. Inatumizidwa mumlengalenga mu December 2009 n'kujambula thambo lonse, ndiye nyenyezi iliyonse imene mungatchule muipezamo. Koma inkaona kuwala kwa infrared (kuwala kosaoneka ndi maso) kulekeza pa ma micron 22; micron ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala. Nyenyezi zofiirazi zili ngati mbaula ya makala ochepa usiku wa June ku Ndirande: woyandikira amafunda, wakumbuyo amangonjenjemera. Fumbi lake lambiri ndi lozizira, ndipo fumbi lozizira limaonekera bwino pa ma micron 70, 100 kapena kupitirira, kumene WISE sinkafikako. Kalilole wakenso anali wa masentimita 40 okha. Mlalang'amba wakutali ukapezeka kuseri kwa nyenyezi, kuwala kumasakanikirana, inu n'kumasangalala kuti mwapeza fumbi pamene palibe.

Herschel inali ndi kalilole wa mamita 3.5, ndipo inkaona kuwala kwa zinthu zozizira komweko. Ndiyo inasonyeza mu 2012 mkombero wa fumbi pa GJ 581, nyenyezi imene kuwala kwake kumayenda zaka 20 kuti kufike kuno. Chowawa n'chakuti inkaloza malo osankhidwa okha, ndipo helium woiziziritsa anatha mu April 2013. Ngati nyenyezi yanu sinalozedwe, kulibe kobwerera. Telesikopu ina, Spitzer, inali pakatikati, ma micron 24 ndi 70, ndipo zithunzi zake n'zothandiza pamene Herschel sinayang'ane.

Ena mutchula zithunzi zokongola za fumbi la nyenyezi yofiira AU Microscopii zochokera ku telesikopu ya James Webb mu 2023. Imeneyo ndi nyenyezi yakhanda, ya zaka zoposa 20 miliyoni pang'ono, fumbi likadali mbwee. Zokalambazo si choncho.

Chimene chimandichititsa kusamala ndi nkhani ya Proxima Centauri, nyenyezi yofiira yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu. Mu 2017 akatswiri ogwiritsa ntchito matelesikopu a ALMA ku Chile analengeza fumbi kumeneko. Mu 2018 Meredith MacGregor ndi anzake atabwereza kuunika anapeza kuti nyenyeziyo inangolilima mwadzidzidzi pa 24 March 2017, ndipo kuwalako n'kumene kunaoneka ngati fumbi. Nyenyezi zofiira zimatero kawirikawiri. Ndiye ine ndikutenga kaye zimene Herschel inaloza, WISE ndizitsegula pongotsimikiza kuwala kwa nyenyezi yeniyeniyo.