Berserk patatha miyezi: si lupanga lomwe landikhalira m'mutu

Mabuku a Berserk omwe ndili nawo ndi aja akuluakulu a chikuto chakuda a kampani ya Dark Horse, otchedwa Deluxe Edition. Buku lililonse laphatikiza mavoliyumu 3 a nkhani ya zithunzi yomwe Kentaro Miura anayamba mu 1989. Akhala nane miyezi yambiri tsopano. Ndi olemera moti sungawawerenge uli chagada pabedi, ndipo chikuto chake chimakoka fumbi, zala zimadinda. Koma palibe tsamba lomwe lathothoka, ngakhale m'mabuku amene ndawabwereza kwambiri. Kukula kwa masamba ndiye phindu lake lenileni. Miura ankajambula ndi timizere tosawerengeka, ndipo pa foni zambiri zimasowa: dzimbiri pa zida zankhondo, nkhope za asilikali akumbuyo, mitsempha pa dzanja la Guts, mwini nkhaniyi.

Powerenga koyamba munthu umatengeka ndi magazi. Guts anatoledwa pansi pa mtembo wa mayi ake wopachikidwa pamtengo, n'kuleredwa ndi Gambino, msilikali waganyu amene pambuyo pake anamugulitsa usiku umodzi ndi ndalama zitatu zasiliva. Atakula anakumana ndi Griffith, mwana wa kwa osauka amene ankalota zokhala ndi ufumu wakewake, mtsogoleri wa gulu la Band of the Hawk. M'gululi ndi momwe Guts anapeza anzake, ndi Casca, msilikali wamkazi amene anadzakondana naye. Kenako pa kadamsana wa m'mavoliyumu 12 ndi 13, Griffith, atalumazidwa ndi chaka chathunthu cha kuzunzidwa m'ndende, anapereka gulu lonselo nsembe kuti asanduke mmodzi wa ziwanda zolamulira, God Hand.

Lamulo la nsembeyi si lachilendo kwa ife amene tinakula tikumva za okhwima opereka m'bale kuti alemere: mlendo saloledwa, ayenera kukhala wapamtima. Chomwe chandigwira pobwereza ndi chakuti ziwandazo zimanena kuti zonse zinakonzedwa kale, munthu amangoyenda m'njira yoikika, komabe zimadikira kuti mwini wake anene yekha ndi pakamwa pake kuti wapereka. Ngati zonse n'zoikika, kufunsako n'kwa chiyani? Yankho Miura analiika kumayambiriro, mu voliyumu 3. Count, chilombo chodya anthu chimene chinapereka kale mkazi wake, chitauzidwa kuti chipereke mwana wake Theresia kuti chipulumuke, chinakana, n'kukokeredwa kugehena. Ndiye kukana kunali kotheka. Pa chifukwa chimenechi sindigwirizana ndi amene amati Griffith sanalakwe. Ndimamumvera chisoni ndikaona thupi lake lophwanyika, lopanda lilime, koma anasankha.

Komabe gawo limene ndabwererako kuposa onse lilibe nkhondo. Lili mu voliyumu 17. Guts wakhala zaka ziwiri akusaka ziwanda, atasiya Casca, amene mutu unasokonekera pa kadamsana, kwa Godo, mkulu wosula zitsulo. Akubwerera, akupeza Casca wasowa, ndipo akukalipira Rickert, kamnyamata komwe kanatsala kakumusamalira. Godo ali chigonere, imfa ili pafupi. Nkhalambayo sikukweza mawu. Ikungomuuza kuti kubwezera kwakeko kunali kuthawa, kuti chidani ndi kobisala kwa munthu amene walephera kukhala pansi ndi chisoni chake, ndipo anamusiya mkaziyo nthawi yomwe ankamufuna kwambiri. Guts, amene amadula chilombo pakati ndi chitsulo chachitali kuposa munthu, akusowa choyankha.

Apa ndi pamene Berserk imatembenukira. Kuyambira pamenepo funso silikhalanso loti Guts adzamupha liti Griffith, koma loti kodi angathe kuyenda ndi munthu wodwala amene sakumuzindikira, amenenso akumuopa. Ndipo Miura sanamukometse. Guts akulephera, mpaka tsiku lina iye mwini akumuchita Casca chipongwe, chilombo cha mumtima mwake chitamugonjetsa. Ndi zitatha izi pamene akuvomera kuti payekha sangathe, n'kulola Farnese, Serpico ndi Isidro kuti aziyenda naye. Farnese, mwana wa mwanaalirenji amene kale ankasangalala kuotcha anthu m'dzina la chipembedzo, akuphunzira kusambitsa Casca ndi kumulondera asasochere. Kusintha kwa mtsikana ameneyu ndimakukhulupirira kuposa kwa wina aliyense m'nkhaniyi, chifukwa kukuyenda pang'onopang'ono, ndi manyazi, ndi zolephera.

Pali chimene miyeziyi sinandifewetse mtima. Kugwirira akazi kwajambulidwa mopitirira muyezo, ndipo m'malo ena zithunzizo zimachedwa pa thupi la wozunzidwayo mosafunikira. Choipitsitsa n'chakuti Casca, amene anali mtsogoleri wa asilikali wolimba mtima, analandidwa mawu kwa zaka zoposa 20 za kusindikizidwa kwa nkhaniyi, mpaka nzeru zake zitabwerera mu 2018 ku malo amatsenga otchedwa Elfhelm. Ululu wake unakhala chophunzitsira mwamuna. Zimenezi zimandipweteka, makamaka chifukwa Miura yemweyo anatha kulemba Luca, mkazi woyendayenda wa mu msasa wa othawa, amene amagawana ndalama zake mofanana ndi atsikana anzake n'kubisa Casca, pamene wansembe Mozgus akuzunza osauka m'nsanja. Mabukuwa sali oyenera ana, ndipo kwathu amakhala pamwamba pa kabati.

Miura anamwalira pa 6 Meyi 2021 ali ndi zaka 54, mtsempha waukulu wa mtima utang'ambika. Kuyambira mu 2022 nkhaniyi ikupitirizidwa ndi omuthandizira ake a Studio Gaga, motsogozedwa ndi bwenzi lake Kouji Mori, amene Miura anamufotokozera mathero. Ulemu wawo ukuoneka, koma zokambirana zachepa, ndipo zokambiranazo ndi zimene ine ndinkazifuna.

Wofuna kugula asaweruze ndi buku loyamba, momwe Guts ndi wankhanza chabe ndipo zojambula zisanakhwime. Asaimenso pa Deluxe 5, pomwe kadamsana akuthera, monga ambiri amachitira. Mawu a Godo ali mu Deluxe 6.